Chikhoti cha Ubweya pa Khonde la Telala

Belo analitsegula Lachiwiri ku Limbe.
Lumo litangodula chingwe, zovala zinafufuma,
ndipo pansi pa majuzi ndi masiketi otuwa
panagona chinthu chofiirira, chaubweya, chopanda mutu.
Anyamata a kaunjika anadumpha n'kuseka,
wina n'kuchitosa ndi ndodo, aone ngati chikupuma.

Abiti Sumani ndiwo anagula.
Lero achibweretsa pa khonde langa kuno ku Ndirande,
ati ndifupikitse manja
chiperoni chisanatsike m'phiri.

Ndachiyala pa makina. Singano yanga ikuzengereza.
Kolala ikununkha kabati yakutali,
mafuta a mayi amene sindidzamudziwa,
m'thumba muli tikiti ya basi
ya mzinda umene dzina lake likundikola lilime.
Nanga inali nyama yanji?
Kuno tilibe dzina lake, sitinaimvepo ikulira.
Ndatembenuza m'kati, ndawerenga:
tizikopa makumi atatu ndi kamodzi,
kalikonse kosaposa chikhatho changa chotambasula,
msoko uliwonse msampha umodzi
umene unafwamphuka m'chisanu cha eni ake.

Bambo anga, Che Likwanya, ankafufuta zikopa.
Ankazikhomera pansi kuseri kwa nyumba,
phulusa, mchere, kamwala kopalira,
ntchentche zikuchezera ngati pamaliro.
Cha gwape, cha njuzi, cha katumbu wa mu Lunzu.
Cha kambuku anapinda kamodzi kokha, ine ndili wosavala,
n'kupita nacho kwa m'mwenye wa pafupi ndi siteshoni.
Anabwerako ndi bulangete, sopo wamtanda
ndi ndalama ya msonkho.
Ati chikopacho chinakwera sitima ya ku Beira,
pamene iwo mpaka kufa sanaipondepo sitimayo.
Usiku umenewo sanalankhule.
Ankangonunkhiza zala zawo.

Ine ndinkayesa njira ija ndi yopita basi.
Taonani, akufa a kwina abwera kudzationa,
atatopa kufunditsa olemera,
pa mtengo wosafika wa tambala wa Khirisimasi.
Apeza phiri lathu lili dazi,
mitengo inatsika m'matumba a makala,
ngakhale nyani sakutsokomolanso kumapanga.

Ndadula. Sizasi yalira mosiyana ndi pansalu.
Ubweya wandilowa m'mphuno, wagwera mu tiyi.
Galu wa aneba wafika, wanunkhiza,
wabwerera cham'mbuyo, msana uli nyankhalala:
iye yekha ndiye wamuzindikira mlendoyu.

Mawa folo koloko, mdima usanasuntheko,
Abiti Sumani adzakhala pa siteji ya minibasi
ndi beseni la mandasi,
nyama makumi atatu zitawakumbatira mapewa,
makondakitala akuwatcha adona a ku Mangalande.

Kotsala kaja, kamodzi,
sindinawabwezere.
Ndakaika m'chitini cha mabatani,
pamodzi ndi kamwala kopalira ka bambo.