Mzere Womwe Ndinaiwala

Pakhoma la ofesi yathu ku Katoto
ndinamata tchati chachitali ngati chitenje,
masabata makumi awiri ndi anayi atafola m'timabokosi,
bokosi lililonse ndi mwini wake, tsiku lake, ndalama zake.
Sabata yachitatu: kukalonjera mabuloko lida a ku Mchengautuwa.
Yachisanu: msonkhano pabwalo la sukulu.
Yachisanu ndi chitatu: anthu asaine, tiyambe kuyeza zifuwa.
Ndinaima chapatali, pentopeni ili kukhutu,
mumtima ndikuti ntchito iyi yatha kale.

Kunsi kwake ndinandandalika zotipunthwitsa:
mvula ya Mzuzu yosadziwa kalendala,
mizere ya mafuta yogona pamsewu,
magetsi kuthima firiji itadzaza makhololo a eni ake.
Chilichonse ndinachipezera mankhwala.

Tsiku la msonkhano wakabaza ananditsitsa pamlatho,
akuti kutsogoloku matope amameza tayala.
Mipando makumi asanu ndi limodzi, makireti atatu a zakumwa.
Kunabwera anthu asanu ndi anayi.
Ena onse anali kuseri kwa tchalitchi
kuperekeza mwana wa a Mtawali.
Maliro ali ndi bokosi lake,
koma si la pa tchati changa.

Titabwereza sabata inayo, anthu anadzaza.
Ndinafotokoza bwino, monga ndinayeserera pagalasi,
mpaka NyaMsowoya, wogulitsa makala pamphambano,
anaimirira osakweza dzanja.
Anayankhula m'Chitumbuka,
Vitumbiko akundimasulira pang'onopang'ono
ngati wanyamula mazira m'thumba la pulasitiki.

Zaka zitatu zapitazo, akuti,
kunabwera ena ovala ngati inu.
Ndinalavulira m'kabotolo, mwana wanga anabayidwa chala.
Anatipatsa sopo.
Makhololo anga anakwera ndege,
ine mwini wake ngakhale Lilongwe sindinafikeko.
Anaona chiyani m'chifuwa mwangamu?
Ndikutsokomolabe. Ndifunse ndani?

Ndinayang'ana mapepala anga.
Anandiyang'ananso.

Usiku umenewo chifunga chitatseka zenera
ndinatsata tchati ndi chala mpaka kumapeto.
Bokosi lomaliza: lipoti kwa opereka ndalama.
Mizere yonse inkalowa ku Mchengautuwa
ndi kutuluka itanyamula kanthu.
Panalibe ndi umodzi womwe wobwerera.

M'mawa ndinakangana ndi a Mzumara owerengera ndalama.
Ndinati malaya osindikiza mazana awiri aja tiwasiye.
Iwo anati bajeti si mpira woti uzingoponya uku ndi uku.
Tinalemba kalata, tinadikira masiku khumi ndi anayi,
yankho linabwera ndi mafunso ena asanu.
Kenako analola.

Ndinadula pepala lina, ndinalimata kumapeto ndi guluu,
lopendekeka, la mtundu wosiyana ndi linzake.
Sabata ya makumi awiri ndi zisanu:
kubwerera pabwalo lomwe lija,
kunena zomwe tapeza,
kunenanso ngati sitinapeze kanthu.
Pamalo a woyang'anira ndinasiya mpata.

NyaMsowoya analemba dzina lake yekha,
zilembo zazikulu zotsamira kumanzere,
nati mundipatse changa.
Tsopano tchati china chili pathandala lake la makala,
chokutidwa ndi jumbo kuopa mvula.
Sabata ikatha amadindapo chala chakuda.
Tikachedwa amandifulasha katatu,
ndikaimba safunsa n'komwe kuti ndadzuka bwanji.

Lero tatsalira ndi masabata atatu.
Firiji inafa kawiri, Vitumbiko anapeza ntchito ku Karonga,
amuna a ku Masasa akukanabe kulavulira m'botolo.
Sindikudziwa ngati timaliza pa nthawi yake.

Koma dzulo podutsa pamphambano
ndinamuona akuonetsa kasitomala bokosi lomata lija,
chala chili pomwepo,
akuti: apa ndi pomwe adzabwere kudzatiuza.
Kasitomala anaseka.
Iye sanaseke.
Anandiona, nandikodola,
nandiwerengera masabata otsala, ine ndili chiimire.