Sizasi ya Zelig

Zelig anatsika sitima ya pamadzi ku Buenos Aires
ali ndi sizasi m'thumba la jekete,
mkazi woyembekezera, ndi mawu asanu a Chisipanishi,
awiri mwa iwo otukwana.
Kalaliki wa padoko anamva dzina lathu ndi khutu limodzi
nalilemba momwe analimvera.
Mpaka lero timatsimphina nalo.

Anamupatsa munda ku Entre Ríos, pulawo ndi ng'ombe ziwiri,
iye telala wa ku Podolia
amene chingwe chomwe ankachidziwa chinali ulusi.
Ng'ombezo ankazinyengerera m'Chiyidishi,
izo kumangobzikula, maso ali pa iye.
Chaka chachitatu tirigu atacha, dzombe linagwa masana kukhala usiku,
linadya ndi matewera omwe pa waya.
Fruma anathamangira kumunda akuwomba mapoto,
anabwerako ndi mapoto opindika basi.
Koma Lachisanu dzuwa likulowa anayatsabe makandulo awiri,
atawazika m'mbatata yodula pakati
poti zoikapo zamkuwa zinali zitapita kwa wangongole.

Gregorio wawo anakwera kavalo asanadziwe zilembo.
Bambo akamufunsa m'chinenero cha kwawo
ankayankha m'chinenero cha kuno.
Atamera ndevu anathawira mumzinda,
anatsegula sitolo ya nsalu ku Once,
ndipo ankaitsegula ndi pa Sabata pomwe.
Zaka zinayi Zelig sanamulembere kalata.
Chachisanu kunabwera kaphukusi:
sizasi yokulunga m'nyuzipepala,
popanda ndi moni yemwe.

Amayi anga, a Noemí, anali ndi mlongo wawo, Elías,
wokonda mpira ndi kutsutsana patebulo.
Usiku wina m'nyengo ya asilikali
galimoto yopanda nambala inaima pakhomo.
Anapita atavala nsapato imodzi.
Inzakeyo inakhala kuseri kwa chitseko zaka khumi ndi zitatu.
Mwambo wathu umati wofedwa ang'ambe malaya pamtima,
koma agogo a Gregorio anakana:
"Mundionetse kaye manda."
Ankasita malaya awo okha, osalola munthu kuwakhudza.
Mpaka m'mawa wina, manja akunjenjemera,
anapempha sizasi ija,
anadula pang'ono pakolala,
kwinako anamaliza ndi zala.
Phokoso lake amayi akuti amalimvabe akamang'amba envulopu.

Chaka chatha ndinakwera basi maola asanu ndi limodzi
kukaona kumene zinayambira.
Munda uja tsopano ndi wa soya, mwini wake sindimudziwa.
M'sunagoge mukugona nkhunda.
Kumanda mlonda, mdzukulu wa abusa a ng'ombe,
ndi amene anandilozera mwala wa Zelig,
poti zilembo zake zoyenda chakumanzere
ine zimandiona ngati mlendo.
Ndinatola kamwala m'njira, ndinakaika pamwamba,
kenako kena, ka Elías.
Pemphero ndinalinena theka,
theka linalo ndinangong'ung'udza.

Pano sizasi imakhala m'dirowa ya kukhitchini
pamodzi ndi mabatire akutha ndi makiyi osadziwika loko wake.
Msomali wake wayamba kugwedera.
Dzulo ndinapeza mwana wanga Ilana akudulira mapepala a kusukulu,
lilime lili panja, akupanga kasitima.
Ndinati ndimulande.
Ndinangomugwirira pepalalo.