Buku Lako Silimudziwa Zelipa

Magetsi anapita masana,
ndiye Tikambenji akuloweza pa tochi ya foni:
ogulitsa amagawidwa potengera mwini wake,
kuchuluka kwa katundu, mtengo, malo,
ndi mmene amalandirira wogula.
Mawa mayeso.

Ine ndavula nsapato, msana ukadali kuwerenga makatoni a sopo.
Zaka khumi ndi zinayi ndikutsitsa katundu wa pikulitsa
kuchokera ku Kamwala, pa kalole kosuta ngati mbaula yonyowa.
Ndati, werenga mokweza, mwanangu,
ndimve khola limene aikamo anthu anga.

Akuti pali sitolo yaikulu, wogula amadzitapira yekha.
Ee, ndimaidziwa, koma kumbuyo kwake.
Kumeneko kuli mnyamata wa bolopeni kukhutu
amene amandiyanika padzuwa maola awiri
chifukwa katoni imodzi yapindika pakona.

Akuti pali sitolo ya chinthu chimodzi.
Amenewo ndi a Zyambo a mu Freedom Way,
mabawuti okhaokha.
Ukapempha msomali amakuloza tsidya ndi mlomo.

Nanga kapafupi, kodula pang'ono, kotseka mochedwa?
Kantemba ka amake Khondwani kuno ku Chawama.
Mafuta amayeza pa kachitsekero,
shuga amamanga timapepala ngati mankhwala,
ndipo pansi pa sikelo pali kope lonona
momwe komboni yonse inalembedwa maina,
ngakhale lathu, ngakhale la malemu amako,
limene sanalifufute, sanalitchulenso.

Tsono ndiuze za Zelipa.
M'mawa zitumbuwa pa Kulima Tower,
masana zingwe za foni pakati pa magalimoto mu Lumumba,
mtambo ukangoda, maambulera ali kale m'manja,
sindidziwa amawabisa kuti.
Usiku amajambula madiresi a salaula pa chitseko chake
n'kuwagulitsa pa foni kwa anamwino a ku Chilenje.
A khonsolo akabwera, sitolo yonse imathawa ndi miyendo iwiri.

Tikambenji watsegula masamba, kutsogolo, kumbuyo.
Akuti, atate, ameneyo ndi wopanda sitolo.

Wopanda sitolo!
Munthu woitwika pamutu,
wokhala ndi nthambi ku Kanyama kwa mng'ono wake,
wondilipira Lachisanu lililonse ndalama zofunda
pamene a mashelefu aataliwo amati bwerani mwezi ukatha?

Ine ndikanalemba bukulo, mitundu ikanakhala iwiri basi:
amene amati tsitsa apo, fulumira,
ndi amene amayamba akupatsa madzi.
Mwina wachitatu, amene amawerenga kawiri
osati pokukayikira, koma poopa kukubera.
Awo ndi ochepa, ndawapeza anayi.

Koma usakalembe zimenezo, angakulepheretse.
Kalembe za buku, upambane,
ukakhale mu ofesi yozizira ya kumaso kuja.
Tsiku lina kalole kakadzaima kumbuyo,
udzatume munthu ndi kapu.

Foni yalira kamodzi, yazima.
Mumdima akupitiriza yekha:
mwini wake, katundu, mtengo, malo.