Masamu a mayi wotcheza kachasu

Anabwera nako m'chikwama cha laputopu,
kabotolo kosadzaza ndi chikhatho chomwe,
Fulaide Mulipa, mwana wa mlongo wanga,
amene fizi yake inatuluka mu utsi
wa kuseri kwa nyumba ino.

Azakhali, tanunkhizani.
Ndinanunkhiza. Ndi m'bale wake wa amene ndimatcheza,
koma uyu akuti sanabadwe ku shuga kapena madeya,
anabadwa ku mapesi, ku zitsononkho,
ku nthambi za tiyi zimene amasadza ku esiteti,
ndipo njinga zamoto zonse za pa Luchenza
zidzamwa yemweyu, petulo n'kumuiwala.

Kuyaka anayakadi.
Tinathira pa chivindikiro, kukhwatcha machesi,
lawi phee, lobiriwira ngati la mutu weniweni.
Pamenepo sindinatsutse.

Koma ine ndatha zaka makumi awiri pa mbiya.
Shuga ndi wofatsa,
masiku asanu mu mgolo wagonja kale.
Phesi ndi louma mtima.
Kutsekemera kwake linakukhomera m'kati ndi misomali,
odziwa kutsegula ndi chiswe
ndi ng'ombe yobzikula usiku wonse,
ndipo awiriwo salandira malipiro.

Ndiye ndinam'funsa: iwe watsegula ndi chiyani?
Mankhwala, azakhali.
Ochokera kuti?
Amabwera pa ndege.
Ogula ndi ndalama yanji?
Anayang'ana nkhuku.

Nanga moto wophikira mapesiwo,
nkhuni zake mitolo ingati pa lita?
Nanga lole yokawatuta ku Thekerani,
yodzaza mpaka kumwamba koma yanyamula mphepo,
ikamatsika zitunda zija ikulira,
simwa dizilo woposa mafuta amene yasenza?

Ndiponso anakuuza ndani kuti ndi zinyalala?
Upite kwa Goliati tsiku la chiperoni,
ukapeze mayi atasenza mitengo ya nandolo,
ukagwire mtolo wake umve mawu.
Kuno phesi limaphika nyemba,
limafunditsa nthaka, limagoneka mbuzi.
Tsiku udzaliikire mtengo
lidzakwera ngati feteleza.

Iye akuti zaka zisanu zokha,
fakitale ikakula mtengo udzatsika.
Aja a jatirofa ananenanso zisanu,
anatijambula zithunzi titagwira mbande.
Mitengo yawo si iyo, ndimayanikapo matewera a adzukulu.

Sindikuti mwanayu ndi wabodza.
Maso ake ndi ofiira ndi kuwerenga, osati ndi zanga zija.
Kungoti kabotolo ndi kabotolo.
Ngakhale ine ndingatcheze kuchokera ku mpando uwu
mutandipatsa mwezi ndi ndalama za eni,
koma ndani angagule tambula imodzi
pa mtengo wa mbuzi?

Amafuna ndiikepo mpamba wanga,
akuti ndidzakhala mwini gawo.
Ndinam'patsa ya minibasi, ndi nthochi phava limodzi.
Ndinati, udzabwere tsiku limene lita yako
idzatchipe kuposa ya pa filing'i siteshoni
popanda dzanja la wopereka thandizo pansi pa sikelo.
Tsiku limenelo mbiya yanga ndidzaswa ndekha,
ndidzakhala wokusonkhezera moto.

Kabotolo anakasiya.
Kali pa windo, pafupi ndi kope la angongole.
Chitsekero chake sichigwira bwino,
ndiye m'mawa uliwonse ndikamasesa
ndimapeza katsikako pang'ono.