Ludzu la Timiyala

Dominga atabwera nato timiyala take,
totuwa, tonga mapira opuntha kale,
ndinaseka mpaka kutsamwa.
Kusunga kutentha ku Bangula?
Kuno kumene mbuzi zimalimbirana mthunzi wa polo yamagetsi,
phula la mumsewu n'kumata nkhwaira?
Ndinati, mwanawe, sukulu yakuzunguza mutu,
mawa udzagulitsa madzi kwa mvuu za m'Shire.

Sanandiyankhe.
Anatiyala m'bokosi lakuda lovindikira ndi galasi,
padenga, Okotobala ali pakati,
dzuwa n'kutiwamba, kutiwamba,
mpaka kachinyezi komaliza kanathawa.
Kenaka m'zitini za penti,
pakamwa n'kumata ndi mphira,
kunsi kwa bedi.

Ndinakhudza chitini chimodzi. Zii.
Nanga moto wako uli kuti?
Iye: Ababa, si moto ndasungawu,
ndasunga ludzu.

Mvula inabwera, madzi anasefukira, anabwerera.
Thonje tinatola, ogula n'kutibera pasikelo.
Zitini phee,
akangaude n'kumangapo midzi.

Ndiye Juni.
Chiperoni chinatsetsereka kuchokera ku Thyolo,
kamvula kosanyowetsa fumbi
koma kodziwa njira ya m'mafupa.
Ife akuchigwa bulangete n'limodzi, lopyapyalanso.
Mayi ake a Dominga chifuwa chija chinadzuka.
Mbaula m'nyumba? Ayi.
Sitinawaiwale a Zuze,
amene anatseka chitseko makala akuyaka
n'kugona tulo topanda m'mawa.

Mtsikana anakanganula chivindikiro,
nalumikiza kafani ku batire,
mpweya wonyowa wa usiku uja n'kudutsa m'chitini.
Timiyala tinayamba kumwa.
Pakumwa pomwepo tinapumira kunja kufunda,
kopanda utsi,
kopanda phulusa,
ngati mpweya wa ng'ombe m'khola mbandakucha.

Mkazi wanga anatambasula miyendo.
Anatsokomola kawiri, kenaka mkonono.

Ine ndinachezera, chikhatho pachitini,
kumvetsera dzuwa lomwe lija
ndakhala ndikulitukwana zaka makumi asanu ndi limodzi,
lomwe linandipserezera chimanga,
linandiphera thole chaka cha chilala,
lero lalowa m'nyumba mwanga mwaulemu,
lakhala pansi pafupi ndi mapazi a mkazi wanga.
Sindinalikhululukire.
Ndinangowerenga zitini zotsala: zinayi,
Julaye asanayambe n'komwe.

Kutacha sindinanene kanthu kwa Dominga.
Ndinapalasa njinga kupita kwa Alufandika wopenta uja
kukafunsa ngati zitini zakutha amataya.