Pakhomo la Bambo, Phiri la Barón

Ndakwera makwerero onse a phiri lino la Valparaíso
ndili ndi pakati pa miyezi isanu,
ndipo ndaima pa chitseko chobiriwira
chimene mayi anapenta chaka chomwe ndinabadwa.
Sindilowa. Dokotala Villagrán sanapsatire mawu:
kachilomboko sikanakupezepo chibadwire,
ukakatenga tsopano kadzakudutsa mwakachetechete
n'kukafika kwa mwanayo, m'maso mwake, mu ubongo.
Usakhudze mchenga womwe amphaka amadzithandizirapo.
Usakhudze kanthu m'nyumbamo.

Fungo latulukira kunsi kwa chitseko
kudzandilonjera bambo asanafike.

Anayamba ndi awiri, mayi atangoikidwa:
wakuda uja wa kudoko, woduka khutu,
ndi kamwana kotoledwa m'ngalande mvula ikukhuthuka.
Tinayamikira. Tinati apeza wocheza naye.
Lero alipo makumi anayi ndi atatu,
osawerengera obadwa sabata ino m'kabati ya mbale,
osawerengera amene anafera kuseri kwa firiji,
amene bambo amamuikirabe chakudya madzulo.

Atsegula zenera.
Eleuterio Quilodrán, zaka makumi atatu akukonza mabuleki a sitima,
munthu amene ankasita ngakhale mipango ya m'thumba.
Taonani mikono lero, utitiri walemba timadontho mpaka m'zigongono,
akanda mpaka magazi, akandanso pa nkhanambo.
Lamba analiboola mabowo ena awiri.
Njoka za m'mimba zimadya nawo buledi ndi tiyi,
penshoni yonse imathera mitu ya nsomba.

Apendeketsa mutu ngati nkhunda kuti andione.
Diso lakumanzere lachita chifunga.
Iwo akuti ndi nkhungu ya kunyanja, imakwera m'mawa, ichoka.
Ine ndinachiona chithunzi kuchipatala:
kuseri kwa diso kuli chipsera
chonga pomwe simbi yaotcha malaya.
Sichichoka.

Amphaka onse amawatchula maina osaphonya,
Canela, Fogonero, Doña Tecla wa miyendo itatu.
Langa ayamba alifunafuna.
Leontina, atero kenaka, lowa, kunja kukuzizira.
Ndiyankha kuti ndathamangira basi.

Alowa m'kati, ndimva mbale zikugundana, kulira kwa njala,
abwera atanyamula shawelo yoyera,
yomwe mayi analuka akudikira ine.
Ndakusungira, akutero. Palibe wagonapo.
Ubweya wotuwa uli mbuu pa ulusi uliwonse,
pakona pali banga lachikasu.
Aitulutsa pa zenera ndi manja awiri
ndipo manja anga ali pamimba, sakusuntha.

Mawa pa naini koloko abwera a khonsolo
ndi makola a waya, magolovesi, zophimba kukamwa.
Pepala lake ndinasaina ndine, Lachiwiri,
ndi cholembera chomangidwa chingwe pa kauntala.
Sindinawauze.
Ndani adzawadzutsa m'mawa, amphaka akapita?
Funso limeneli pa fomu panalibe.

Ndatulutsa jumbo ya pulasitiki m'chikwama,
ndaitsegula kukamwa, iwo aponyamo shawelo,
ndamanga mfundo ziwiri.
Andiyang'ana ndi diso labwinolo nthawi yaitali.
Kumunsi sitima yonyamula makontena ikulira potuluka padoko.
Doña Tecla wakwera pa phewa lawo, akunyambita khutu.

Mwanayo dzina wamupezera? afunsa.
Ine ndili nawo ambiri, akutero,
ena sindinagwiritse ntchito.