Mapazi Makumi Awiri

Kalata ya boma inati mbuzi makumi asanu ndi limodzi
zichoke m'mapiri a Tramuntana chisanu chisanathe,
poti mbande zimene tinabzala moto utadutsa
zazibudula mpaka pamuzu.
Chophera sinatchule.

Ine Tòfol ndinapukuta mfuti yanga,
ija inandidya khutu lakumanzere.
Coloma, mwana wanga, anakunga uta
wa timagudumu kunsonga,
wogula ndi thukuta loyala mabedi a alendo ku Sóller.

Tinakangana pakhonde mpaka khofi kuzizira.
Ndinati, uku n'kupatulira, si masewera.
Chipolopolo sichipempha chilolezo kwa mphepo,
tonde amagwa phokoso lisanam'peze.
Iye anati, bambo, mukawomba kamodzi phiri lonse lamva,
zotsala zimakwera kumene mawondo anuwo sangafike.
Komanso inu mumapha kadontho ka m'galasi.
Fungo la mbuzi yamoyo mukulikumbuka?

Lachitatu ndinagwetsa zisanu ndi ziwiri
dzuwa lisanafike paliwombo,
timizere tisanu ndi tiwiri m'kope.
Iye anakwawa chamimba tsiku lonse
m'udzu wocheka zikhatho,
nsapato zili m'khosi,
kuwenda tonde mmodzi wa nyanga yothyoka.
Ndinkaonera patsidya.
Mapazi makumi anayi. Makumi atatu.
Anaima nthawi yoti munthu n'kusenda lalanje n'kulidya.
Makumi awiri.
Kulira kwa nsinga sindinakumve,
ndinangoona tonde akutembenukira kamphepo
muvi uli kale m'njira,
n'kulowa kumbuyo kwa nthiti.

Tinalonda magazi ndi tochi,
dontho pamwala, dontho patsamba,
kenako mwala wokhawokha.
Mawu aja akuti "ndinanena ine"
anandifika pakhosi katatu,
katatu ndinawameza ngati nthanga ya zitona.
Tinam'peza mbandakucha kuseri kwa khoma logumuka
la anthu ootcha makala akale,
akupumira m'mwamba, maso ali pa ife.
Coloma anatambasula dzanja osandiyang'ana.
Ndinam'patsa mfuti.

Potsika ndinayenda patsogolo
ngati munthu amene wapambana mlandu.
Tinadzera kutsetse kuja kunagona zanga,
miimba itayamba kale kuzungulira.
Iye anandigwira mkono.
Bambo, simukumva?
Ndinatembenuza khutu labwinolo.

Pa yachinayi panali kamwana,
kanyowa ndi mame, mchombo usanaume bwino,
kakugunda ndi mphumi bere lozizira,
kusiya, kulira, kugundanso.
Usiku wonse kanali kumanzere kwanga.

Galasi langa ndi la ndalama zambiri.
Pa mapazi mazana atatu limaonetsa phewa,
limaonetsa ubweya ukugwedezeka ndi mphepo.
Bere ayi.
Kapena limaonetsa, ine ndinkawerenga.

Mwana wangayo sanandibwezere mawu.
Anavula juzi, nakakulunga,
uta n'kundipatsa ine kuti ndinyamule.
Ndi wopepuka, chinthu chija,
wopepuka mochititsa manyazi,
ndipo pachogwirira panali patanyowa.

Tsopano kali m'katoni pafupi ndi mbaula,
kamayamwa botolo maora atatu alionse,
usiku ndine ndimadzuka, poti tulo n'kale tinandithawa.
Coloma wakaniza kukapatsa dzina.
Dzulo kanatuluka pakhonde
n'kudya mbande ya paini ya m'chitini,
imene ndimati ndikabzale pamwamba paja,
kutafuna pang'onopang'ono kakundiyang'ana.

Zatsala makumi asanu ndi ziwiri,
ndipo phiri likadali lakuda pomwe moto unanyambita.
Wa ku ofesi waimba kawiri kufunsa chiwerengero.
Kakang'onoka sindikudziwa mzere wake m'kope.
Lolemba tikwereranso.
Ndamva Coloma akunola mivi m'khitchini,
ndipo wandifunsa, mokweza, chakumanja,
ngati ndingam'bwereke galasi lija
kuti ayambe waona pansi pa mimba.